Chithunzi cha a Bang cha Moyo Wautali

Kumpingo kwathu mumzinda wa padoko wa Gunsan, ntchito yojambula okalamba inagwera ine dikoni, chifukwa mwana wanga anandisiyira kamera yake atagula ina. Timawajambula akadali moyo chithunzi chodzaika pamaliro awo. Timachitchula kuti chithunzi cha moyo wautali. Ntchito yake aliyense amaidziwa, koma palibe amaitchula.

Lamulungu lina tikutuluka m'mapemphero, mayi Seol Ok-bun anandikoka jekete. Amuna awo, a Bang Deok-chil, mkulu wa mpingo wotsogolera nyimbo, amayenera kukagonekedwa m'chipatala sabata yomweyo, ndipo madokotala sanalonjeze kanthu.

"A Dikoni, tilibe chithunzi," anatero mayiwo. "Chomwe chilipo ndi cha pa chitupa, akuoneka ngati apolisi akuwasaka. Anthu asadzaike maluwa patsogolo pa nkhope imeneyo. Ndikufuna nkhope imene ndimaidziwa ine."

M'mawa mwake anabwera onse awiri kuchipinda chodyeramo cha kutchalitchi. A Bang anali mu suti yakuda, ndipo anakhala pampando ngati akudikira chigamulo cha khoti. Ndinajambula ndi fulashi. Magalasi awo anasanduka mabwalo awiri oyera, mphumi n'kuwala ngati mbale.

"Zatheka?" anafunsa a Bang.

"Zatheka, a Mkulu, koma munthu mulibemo."

Ndinazimitsa fulashi, n'kuzimitsanso magetsi a kudenga, chifukwa kuwala kochokera pamwamba kumakumba maenje m'maso. Mpando ndinaukokera pafupi ndi zenera limene dzuwa sililowa mwachindunji. Mlengi anayamba ndi kuwala asanalenge china chilichonse, ndipo mpaka lero sindinaone sitolo yogulitsa kuwala koposa kwakeko.

Tsaya loyang'ana kuzenera linaoneka bwino, linalo linali mumdima. Ndinapatsa mayi Ok-bun nsalu yoyera ya patebulo, ya dontho la ndiwo za kabichi wa tsabola zotchedwa kimuchi pakona, kuti aitambasule mbali yamdimayo. Kuwala kunagunda nsalu n'kubwerera pankhope. Magalasi ndinawapendeketsa pang'ono kuti zenera lisaonekemo. Kenako ndinabwerera m'mbuyo n'kukoka chithunzi ndi kamera, pakuti ukayandikira kwambiri mphuno imatupa. Ndinakhala pansi kuti kamera ilingane ndi maso awo, n'kuiloza pa diso lapafupi. Diso likaoneka bwino, zina zonse anthu amakhululuka.

Kuwala kunali kwabwino tsopano. Nkhope inali ya pa chitupa yomwe ija.

"A Mkulu, mwetulirani pang'ono."

"Ndikumwetulira."

"Bambo a Min-cheol," anatero mayiwo ali kuseri kwa nsalu, kuitana amuna awo ndi dzina la mwana wawo, "akuti musekerere, sanati mukwiye."

"Pamaliro anga ndizisekerera chiyani? Gwirani nsaluyo bwino, ikugwa."

"Mikono yanga yatopa. Inu mwangokhala ngati mwala wa pamanda kale."

Ndinayesa kuwauza kuti aganize za adzukulu. Anati adzukulu saimba foni. Ndinawakumbutsa za kwathu kumwamba kumene kulibe misozi. Anavomereza ndi mutu, nkhope n'kulemera kuposa poyamba. Mumtima ndinapemphera pemphero lalifupi, la munthu amene nzeru zamuthera.

Ndipo mayi Ok-bun anayamba nyimbo, ija timaimba poperekeza m'bale kumanda. Anaiyambira pamwamba kwambiri.

"Mwakweza," anatero a Bang.

Mayiwo anapitiriza.

"Mayi, mwakweza. Simukafika nayo."

Sanamvere. A Bang anapirira mzere umodzi, kenako analowa ndi mawu awo a pansi kuti aipulumutse, monga achitira ndi mpingo wonse kuyambira ine ndili mnyamata. Ndinasintha kamera kuti izijambula motsatizana chala chikakhala pabatani. Nyimbo itafika pokwera, mawu a mayiwo anasweka ngati chitseko cha dzimbiri. A Bang anaphulika kuseka mpaka kutsokomola.

Chithunzi cha pakati pa kuseka sichikhala chabwino, pakamwa pamakhala pululu. Chabwino chimabwera pambuyo pake, pakamwa pakutsekeka koma maso asanaleke. Chinalipo chimodzi chotero. Ndinawaonetsa.

"Fufutani," anatero a Bang. "Mkulu wa mpingo saonetsa mano."

"Musafufute, a Dikoni," anatero mayiwo, akupinda nsalu. "Awa sadzakhalapo kuti adandaule."

A Bang anachiyang'ananso nthawi yaitali. "Tayi yapindika," anatero, n'kunyamuka kukafuna chipewa chawo.

Ambuye anawaitana nyengo yachisanu isanayambe. Maliro anachitikira m'nyumba ya maliro ya pachipatala, mmene zipinda zimandandalikana m'khonde limodzi, banja lililonse ndi womwalira wake. Chithunzi chosekerera chija chinaima pakati pa maluwa oyera. Ndili pakhomo kulandira anthu, azibambo awiri amene anagwira ntchito ndi a Bang kudoko analowa, anayang'ana chithunzi, n'kubwerera m'khonde kukawerenganso dzina la womwalira lolembedwa pakhoma.

Mayi Ok-bun anawatsatira.

"Lowani, simunasochere," anatero. "Ndi iwowo. Kungoti inu simunkakhala nawo kunyumba."