Kachidutswa Kotsiriza ka Wailesi ya a Mawaya

Bambo amene anzawo ankawatchula kuti a Mawaya anali wophunzira wakhama, mmisiri wapakatikati, ndiponso nkhalamba yosamva. Akanakhala m'kalasi mwanga ndikanawayamikira pamaso pa onse, kenaka n'kuwakhazika kutali ndi soketi.

Anakalamba akukonza mawailesi akale, aja a mavalavu otentha ngati mbaula. Mawailesiwo atatha m'nyumba za anthu, iwo anayamba kuphunzira zamakono poonera mavidiyo pafoni, uku akudzudzula mphunzitsi wa m'vidiyoyo kuti amalankhula mothamanga. Cholinga chawo chinali kupanga wailesi yonse ndi manja awo, kuti adzukulu adzakhale ndi choloza akamadzanena za agogo awo. Manjawo anali atayamba kunjenjemera, ndipo dokotala ananena mosabisa kuti sadzasiya. Wailesi imeneyi inali yotsiriza, ndipo iwo ankadziwa.

Panatsala kachidutswa kamodzi koti kawotchereredwe pabolodi la m'kati mwa wailesiyo, kakang'ono kuposa njere ya mchenga. Mnzawo wakale, a Batire, amene ankayesa batire lililonse ndi lilime, anabwera kudzagwira galasi lokulitsa zinthu.

"Musapume, achimwene," anatero a Mawaya, atakapana kachidutswako ndi kachitsulo kopanira.

"Ndisapume mpaka liti? Pamsinkhu wathuwu ukasiya kupuma anthu amayamba kusonkhana panja."

A Mawaya anayesetsa kuti asaseke, koma mpweya unatulukira m'mphuno. Kachidutswa kaja kanauluka.

Amuna awiriwo anagwada pansi. Lamulo la m'chipindacho linali lakuti tsache lisalowemo, popeza tsache silisiyanitsa fumbi ndi chuma. Motero pansipo panali fumbi la zaka zambiri. A Batire anachotsa maginito a sipika yakale n'kuyamba kuwakoka pansi. Maginitowo anatola masikuluwu, singano, zidutswa za waya ndi kiyi wa kabati amene wantchito wina anachotsedwera ntchito kalekale. Kachidutswako sikanaoneke.

Atatopa anafuna kudzuka, ndipo mpamene anazindikira kuti mawondo alibe giya yobwerera m'mbuyo.

Mayi a m'nyumbamo analowa ndi tiyi. Anayang'ana amuna awo, n'kuyang'ana mlendoyo.

"Mwayamba liti kupemphera, bambo? Ndakhala ndikukuitanani kutchalitchi kuyambira tsiku laukwati."

"Musaponde paliponse, mayi!"

"Ndiuluke?"

Anaika tiyi patebulo, napita kukaitana mkamwini wawo, amene ankakonza mafoni m'kashopu ka pamsewu womwewo. Mkamwiniyo anabwera, nadzutsa a Batire poyamba. Apongozi ake anakana dzanja, nakwera pang'onopang'ono mwendo wa tebulo mpaka anaima, akuwefuka ngati afika pamwamba pa phiri.

Atamva chomwe chatayika, mkamwiniyo anatulutsa m'thumba mzere wa pulasitiki wodzaza ndi tizidutswa tofanana ndi kaja.

"Bambo, izi kushopu timangotaya. Tengani zonse."

A Mawaya anaziyang'ana ndi nkhope ya munthu amene wauzidwa kuti mwana wake ndi wofanana ndi ana ena onse. Anang'ambapo kamodzi, n'kubweza zotsalazo.

Anakhalanso pampando. Nsonga ya chitsulo chowotcherera inkavina pamwamba pa bolodi, ikuyandikira n'kubwerera. Mtovu unadontha pamalo olakwika. Anaupala, nayambiranso, ndipo unadonthanso pomwepo.

"Bambo," anatero mkamwiniyo mwaulemu, "ndiloleni ndikawotcherere kameneka kokha. Zina zonse ndi ntchito yanu. Palibe amene adzadziwe."

"Ine ndidzadziwa."

"Ndiye ndingokugwirani dzanja."

"Mwanditengera kale mwana wanga wamkazi, ndipo sindinadandaule kwambiri. Wailesi yokhayi mundisiyire."

"Mulolereni mwanayu, inu," anatero mayi aja. "Mudzamaliza adzukuluwo ali ndi imvi."

"Imvi sizitseka makutu, mayi. Adzamvera."

Anapukuta nsonga ya chitsulo pa kansalu konyowa, natsamiritsa chigongono patebulo, dzanja lamanzere litagwira lamanja kuti lidekhe.

"Tulukani nonse. Inu a Batire tsalani, koma mukapumire pakona."