Mizere Yosalingana

Anafika masana pa kabaza, opanda chikwama, nakhala patebulo la pakona pa loji yomwe ndimagwirako ntchito ku Senga Bay. Bambo wachikulire, jekete lakuda padzuwa loswa mtengo. Anaitanitsa tiyi basi.

"Tikuitaneni kuti ndani, bambo?"

"Ingonenani a Phiri."

Kayankhidwe kameneko sikanandikomere. Mtima wanga unali kale m'mwamba masiku amenewo. Pitala, bwenzi langa la ku Lifuwu, anali atauza akwawo kuti akufuna kundikwatira, koma yankho linali lisanabwere. Ndinkadziwa kuti akuchimuna amatha kutuma munthu mwakachetechete kudzaona khalidwe la mtsikana. Akakanena zoipa, ukwati wathera pomwepo.

Fanny, wophika wathu, anandikokera kukhitchini. "Iwe Mwayi, madala aja akufunsa za iwe. Akuti wolakatula uja ndi uti? Wapalamula chiyani?"

Loweruka lililonse ndimalakatula ndakatulo zanga pamaso pa alendo. Akuluakulu ena kuno amati mtsikana woimirira pagulu pa loji ndi wosalongosoka. Ndinabwerera ndi shuga.

"Ndinakumvani mukulakatula pafoni ya munthu wina," anatero bambowo, maso ali pakapu. "Zimene zija ndi ndakatulo? Ife kusukulu ndakatulo inkayenda ngati gule, mizere yolingana, yoti n'kuomba m'manja. Zanuzo mzere wina wautali, wina mawu amodzi okha."

Ndikanangokhala chete. Koma pakamwa panatseguka pokha.

"Bambo, munthu akamalakalaka mnzake sapuma mofanana. Ndimalemba mmene ndikupumira."

"Ooh." Anatakasa tiyi pang'onopang'ono. "Nanga mwamuna wa m'ndakatulomo, amene simumutchula dzina, ndani? Mlendo wina wa pa loji pano? Amabwera ambiritu, a magalimoto."

Apo ndinazindikira chomwe anadzera. Mantha anasanduka mkwiyo. Ndinaika thireyi pansi n'kulakatula pomwepo, masanasana:

"Ubwere ndi matope a m'munda wa mpunga kumapazi,
usasambe,
kuti ndikudziwire patali."

Fanny anasuzumira pazenera, dzanja pakamwa.

"Alendo a magalimoto sakhala ndi matope kumapazi," ndinatero. "Ndi Pitala wa ku Lifuwu. Mukawauze choncho amene akutumani."

Bambowo anandiyang'ana osamwetulira. Ndinaganiza kuti ndadziphera ndekha ukwati. Kenaka anamaliza tiyi, naimirira, nakonza jekete lawo.

"Ndakatulo yanu sindikuimvetsabe, mayi. Koma mwanayo ndamuzindikira, matope akewo ndi omwewo. Ndipo palibe wandituma, ndadzituma ndekha."

"Ndiye inu ndinu ndani?"

"Mukawauze amalume anu kuti Lamulungu lino tikubwera kudzafunsira mbeta. Akafunsa dzina, munene kuti Samueli Chimbalanga, mtsibweni wake wa Pitala."