Waya wa Apongozi

Eliness wa ku Chilumba anadzaza firiji ndi chambo cha ukwati wa mwana wake Anne. Ukwatiwo Loweruka. Lachitatu m'mawa anangomva gwegwede kudenga. Kusuzumira pawindo, ine mayo, makwerero! Pamwamba pake pali apongozi, bambo a mwamuna wake, msodzi wopuma ntchito, mpeni kukamwa, waya m'manja. Ati akufuna babu m'kakhumbi kawo kosokeramo maukonde.

Tsono kwa Ankhonde mkazi salankhula ndi bambo a mwamuna wake, sayang'anizana nawo, ngakhale dzina satchula. Mwamuna wake Golden anali ku Kyela, ku Tanzania, kokagula nsalu za ukwati, foni yosagwira. Eliness anakhosomola. Anagwetsa poto dala. Anakalipira nkhuku yosalakwa kuti, "Iwe, usagwire zimene sukuzidziwa!" Aaa, madala kumtunda akuimba mluzu.

Masana firiji inayamba chibwana: ilire, isiye, ilire, kenako zii. Mababu onse akuyaka bwinobwino. Firijiyo sanaitsekulenso, kuopa kuti kuzizira kungathawe. Mtima wa Eliness unawira. Waya wake, nsomba zake, wolakwa akumuona, koma pakamwa pomangidwa!

Ambokile, mmisiri wa magetsi, anali kumaliro ku Uraha, ndipo anafika Lachisanu. Anazimitsa magetsi a nyumba yonse, nakwera. Sipanapite nthawi, kudenga kunamveka mkuwo.

"Mayi! Ichi ndiye chiyani? Munthu wapala waya wa firiji, wamangirira wina ndi mfundo ya ukonde, wakulunga jumbo! Jumbo, mayi! Zapserera zonse. Mukanagona panja, nyumba ili phulusa."

Anadula mbali yopsa, nasenda mpaka waya wofiira bwino, nalowetsa nsonga zonse m'kolumikizira, namanga zomangira zake molimba, natsekera m'kabokosi. Akugwira akutukwana. Atatsika anapukuta thukuta.

"Chitsiru chake ndani chinachita zimenezi? Nditchulireni."

Apongozi anali pansi pa mtengo wa mango, pamtunda woti akumva chilichonse. Eliness anadziloza pachifuwa.

"Ndine."

"Inu? Mayi wamkulu ngati inu?" Ambokile anapukusa mutu, nayatsa magetsi.

Firiji inalira mokoma, ngati sinalakwepo. Eliness anaitsekula, nabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Chambo chonse chinali chitafewa, maso atalowa, chikusambira m'madzi ofiira. Mawa alendo mazana awiri. Anafuna kukuwa mpaka amve a ku Sangilo, koma misozi yokha ndiyo inatuluka.

Panja madala anakweza mawu, okondwa kwabasi.

"Amisiri, muwauze a m'nyumbamo kuti babu langa likuwala bwino!"

Eliness anakhuthulira nsomba m'beseni, nasenza. Dzenje la zinyalala linali pafupi, kuseri kwa mango. Koma sakanadutsa pamaso pa apongozi, ndiye anazungulira nyumba yonse, madzi onunkha akumutsikira m'khosi.