Injiniya Wopanda Kalasi

"Bambo ake a Injiniya, tabwerani mudzaone zimene zili m'firiji mwangamu."

A Makiyi anali atavala kale nsapato imodzi. Anapita kukhitchini akutsimphina, inayo ili m'manja, ndipo anapeza akazi awo atagwira kabotolo ndi zala ziwiri, atakatalikitsa ndi nkhope. M'kabotolomo munali zikumbu zobiriwira, zitauma ndi kuzizira, timiyendo titapindikira pamimba.

"Kanali kuseri kwa mkaka," anatero mayiwo. "Dzana ndinapeza mbozi m'kabokosi ka machesi pawindo la kuchipinda kwake. Kodi uinjiniya wa masiku ano ndi wotere?"

A Makiyi analandira kabotoloko n'kukaunika pawindo. Dzina loti Makiyi anawapatsa ndi anthu a mumsewu umene munali kashopu kawo kosulira makiyi ndi kukonza maloko. Anali munthu woti akaona chinthu chotseka, mtima sukhala m'malo mpaka aone zam'kati. Mwana wawo naye dzina lake lenileni linaiwalika tsiku limene anasankhidwa kupita kuyunivesite kukaphunzira uinjiniya. Kuyambira pamenepo aliyense, ngakhale tiana ta aneba, ankangoti Injiniya.

Madzulo atamufunsa, mnyamatayo anayankha maso ali m'mbale. "Ndi za mnzanga, bambo. Anandisungitsa."

A Makiyi anangogwedeza mutu, koma kuyambira tsiku limenelo anayamba kumuyang'anitsitsa. Anaona kuti thabwa lojambulirapo mapulani latuwa ndi fumbi kuseri kwa chitseko. Anaona kuti mathalauza ake amabwera atamatirira chisoso mpaka m'mawondo, ngati munthu amene waswera kuthengo. Chimene chinawazunguza mutu kwambiri n'chakuti mwanayo sankaoneka ngati wolowerera. Ankadzuka m'mamawa osadzutsidwa, ankaimba mluzu kubafa, ankapempha chakudya chowonjezera. Chaka chathachi anali wosayankhulitsika, ankangoti ndwii ndi mabuku, masaya atalowa.

"Ndi mtsikana ameneyo," anatero akazi awo. "Ine ndine mayi, ndikudziwa."

"Mtsikana wake uti wopatsa mwamuna zikumbu?"

"Atsikana a kuyunivesite mumawadziwa inu?"

Lachitatu a Makiyi anatseka kashopu kawo dzuwa lisanakwere, navala jekete lawo la kutchalitchi, nakwera basi. Kuyunivesiteko anali atapondako kamodzi kokha, tsiku lokamusiya mwanayo. Anafunsafunsa mpaka anapeza nyumba ya mainjiniya. Pakhonde pake anakumana ndi mtsikana wonyamula chipewa cholimba chachikasu, amene anamukumbukira kuti anabwerapo kunyumba kudzawerenga ndi mwana wawo.

Mtsikanayo anawapatsa moni mwaulemu, koma atamva funso lawo anayamba kuseweretsa lamba wa chipewacho.

"Semesita ino sitili naye m'kalasi, bambo."

"Ali kalasi iti?"

"Zimenezo mwina akakuuzeni a ku ofesi yolembetsa ophunzira. Koma kubwera amabwera tsiku lililonse. Amakonda kukhala kumunda, kuseri kwa nyumba ya sayansi."

A Makiyi anaima pamphambano ya tinjira tiwiri. Mtima unkafuna kuthamangira kumundako, koma anaganiza kuti si bwino kukumana ndi mwana usanadziwe chimene ukukamufunsa. Analowera ku ofesi.

Kuseri kwa kauntala kunali mlembi wadazi, magalasi ali pansonga ya mphuno. Anamvetsera nkhani yonse, kenako anapukusa mutu.

"Pepani bambo, za wophunzira sitiuza munthu wina. Malamulo athu amati aliyense wolowa muno ndi munthu wamkulu."

"Wamkulu? Ameneyu masokosi amamuchapirabe ndi mayi ake."

"Za masokosi malamulo sananenepo kanthu."

A Makiyi anaseka, natsamira pakauntala. Pamzere panalibe munthu wina. "Chabwino, za mwana wanga tizisiye. Tinene kuti pali mwana wa munthu wina, wa chaka chachiwiri. Chingachititse n'chiyani kuti anzake ali m'kalasi, iye alibe kalasi, koma sanachotsedwe sukulu?"

Mlembiyo anawayang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo pakamwa pake panaoneka kakumwetulira. "Mwana wa munthu wina ameneyo ndingamufotokoze. Chaka chathu chili ndi zigawo ziwiri, timati masemesita. Pali makosi ena amene ndi maziko a anzake. Kwa mainjiniya ndi masamu a semesita yoyamba. Ukalephera, umapatsidwa mayeso obwereza. Ukalepheranso, sungalembetse kosi iliyonse imene yatsamira pa masamuwo, ndipo za semesita yachiwiri zonse zatsamira pamenepo."

"Bwanji osangobwereza masamuwo pompano?"

"Amaphunzitsidwa semesita yoyamba yokha. Adikire chaka cha mawa."

"Ndiye miyezi yonseyi azitani?"

"Azikhala kunyumba. Ambiri amatero. Ena amaopa makolo, ndiye amangodzuka m'mawa kudzakhala pansi pa mitengo apa."

"Nanga akadzalepheranso chaka cha mawa?"

"Pamenepo timatsanzikana naye."

"Palibe khomo lina?"

"Lilipo limodzi. Wophunzira amaloledwa kusintha maphunziro kamodzi kokha, asanalowe chaka chachitatu, ngati aphunzitsi a kumene akupitako avomera kumulandira. Koma amakayambira chaka choyamba, ndipo akapita wapita, kubwerera kulibe. Ofuna kutero chaka chino tikuwalandira mpaka Lachisanu likubwerali."

A Makiyi anathokoza, natuluka. M'mutu mwawo munkabwera nkhope za anthu a mumsewu wawo: wometa amene ankati mwanayo adzawamangira mlatho pangalande, mayi wogulitsa nsalu amene ankamusungira mwana wake wamkazi mwanthabwala. Onsewo za uinjiniya wa mwanayo anawauza ndi a Makiyi eni ake, ndi pakamwa pawo.

Kuseri kwa nyumba ya sayansi kunali kamunda kotchingidwa ndi waya, ka mizere ya kabichi ndi nyemba. Achinyamata angapo anali atanjuta m'mizeremo, akutembenuza masamba. Pakati pawo panaima mayi wamfupi wa imvi, atavala nsapato zamphira ndi chipewa chachikulu. A Makiyi anabisala kuseri kwa thanki ya madzi. Mwana wawo anamuzindikira ndi msana. Anali atagwada m'matope, atazunguliridwa ndi anzake atatu, akuwalozera kanthu kunsi kwa tsamba, ndipo ankayankhula, manja akuyenda uku ndi uku. A Makiyi anayesa kukumbukira tsiku limene anamumva akuyankhula motalika chonchi, koma silinabwere.

"Bambo, mukufuna wina?"

Mayi wa chipewa uja anali atawaona. Mitu yonse inatembenuka. Mnyamatayo anaimirira pang'onopang'ono, tsamba lili m'manja, nkhope itagwa.

"Ndi bambo anga," anatero motsitsa mawu.

Mayiyo anayang'ana bambo, nayang'ana mwana, ndipo anaoneka kuti wamvetsa zonse. Anauza enawo kuti apitirize, natsogolera awiriwo m'chipinda chachitali chonunkha mankhwala, chodzaza ndi mabotolo ndi mabokosi agalasi okhomedwamo agulugufe.

"Ine ndimaphunzitsa za tizilombo," anatero mayiyo akuvula chipewa. "Mwana wanuyu si wophunzira wanga. Analowa m'kalasi mwanga sabata yoyamba ya semesita, n'kukhala kumbuyo kwenikweni. Ndinkayesa ndi wanga mpaka tsiku limene ndinamufunsa dzina. Kumvetsera ndinamulola, poti mpando sudandaula. Koma mayeso sangalembe, ndipo zonse akuchita muno sizilembedwa paliponse."

"Ndiye akugwira ntchito yopanda mwini," anatero a Makiyi.

"Ndi zimene ndimamuuza. Ndinati apemphe kusintha, ine ndimulandira. Iye akuti bambo ake sangamve."

A Makiyi sanamuyang'ane mwanayo. Maso awo anali pa chipangizo chakuda chokhala ndi timapaipi tiwiri toyang'aniramo, chimene chinali patebulo. "Ichi n'chiyani?"

"Maikulosikopu. Chimakulitsa tinthu tating'ono. Aonetse bambo ako zimene wapezazo."

Mnyamatayo anaika tsamba lija pansi pa galasi. A Makiyi anawerama, natsinzina diso limodzi monga amachitira poyang'ana m'loko.

"Tsegulani onse awiri, bambo. Muzungulitse apa mpaka ziwale," anatero mnyamatayo.

Poyamba anangoona chifunga chobiriwira. Kenako mwadzidzidzi panatulukira zinyama zonenepa ngati nkhumba, zamiyendo yoonekera m'kati, zitazika milomo m'tsamba. A Makiyi anadzidzimuka, nachotsa nkhope, nayang'ana tsambalo ndi maso okha. Panali timadontho chabe. Anaweramanso.

"Zimenezo ndi nsabwe za m'masamba, zimene zimapha kabichi," anatero mwanayo. "Taonani yofiirirayo, youma, ili ndi kabowo kumsana."

"Ndayiona. Kabowo kake n'kozungulira bwino, ngati kobowola ndi makina. Wabowola ndani?"

"Kamavu kakang'ono kwambiri. Mayi wake amaikira dzira m'thupi mwa nsabweyo. Kamwanako kamakula kakudya nsabweyo m'kati, kakakhwima kamadula kachitseko n'kutuluka. Mlimi akapopera mankhwala mosasamala amapha mavuwo, nsabwe n'kuchulukanso kuposa kale."

"Kamadula ndi chiyani?"

"Ndi timano take."

"Nanga kamadziwa bwanji kuti m'nsabwe iyi muli kale dzira la mnzake?"

Mayi uja anaseka. "Tsopano ndadziwa kumene anatengera."

Atatuluka, bambo ndi mwana anakakhala pabenchi pansi pa mtengo, moyang'anana ndi ofesi ija. A Makiyi ankachotsa chisoso pa thalauza la mwanayo, kamodzikamodzi, n'kumataya pansi.

"Miyezi yonseyi ukudya nafe, osanena."

"Ndinkafuna kunena, bambo. Koma ndikafika pashopu n'kumva mukuuza anthu kuti uyu ndiye Injiniya wathu, mawu ankathawa."

Mawuwo anawalasa, koma sanatsutse. "Ndifunse chinthu chimodzi, undiyankhe zoona. Kodi ukupita ku tizilomboti, kapena ukungothawa masamu?"

Mnyamatayo anaganiza kaye. "Tsiku loyamba ndinkathawa mvula. Ndinalibe kolowera, chitseko chinali chotsegula. Sabata yachiwiri ndinkathawa manyazi. Koma pano ndikagona ndimaganiza za kumunda kuja. Masamu kumenekonso aliko, bambo, owerengera kuchuluka kwa tizilombo. Amenewo ndimawamva, chifukwa ndimaona chimene ndikuwerenga."

"Ukudziwa kuti ukayambira pansi? Anzako adzavala mikanjo iwe ukutembenuzabe masamba."

"Ndikudziwa."

"Ndipo ukalowa kumeneko kubwerera kulibe."

"Mwadziwa bwanji zimenezi?"

"Ndinafunsa za mwana wa munthu wina."

Mwanayo sanamvetse, koma a Makiyi sanafotokoze. Anayang'ana manja awo, akuda ndi mafuta a maloko amene sopo anawalephera kalekale. Uinjiniya anaufuna ndi iwo, kuyambira mwanayo ali wamng'ono, pamene ankamukhazika pakauntala n'kumupatsa loko wakufa kuti aziseweretsa. Sanakumbuke kuti anamufunsapo ngati iye akuufuna.

"Ine sindikuuza kuti sintha, sindikuuzanso kuti usasinthe," anatero pomaliza. "Zaka zikupitazo ndi zako. Ofesi ndi imeneyo, ndipo atseka Lachisanu. Ukafuna kuganiza mpaka mawa, ganiza."

"Ndinaganiza kale, bambo."

"Ndiye ukudikira chiyani?"

"Simundiperekeza?"

"Ayi. Ndikhala pompano."

Mnyamatayo anaimirira, napukuta matope m'mawondo, nayenda kulowera ku ofesi. Pakhomo anacheuka kamodzi, kenako analowa. A Makiyi anatulutsa foni m'thumba la jekete. Inangoitana kamodzi, akazi awo n'kuyankha.

"Mwamupeza?"

"Ndamupeza."

"Ndi mtsikana eti?"

"Si mtsikana. Tibwera limodzi madzulo ano. Ali ndi nkhani yoti akuuzeni yekha, ndipo mudzamusiye amalize musanayankhe."

Kumbali inayo mawu anabwera otsika. "Bambo ake, musandibisire. Mwanayo ali bwino?"

A Makiyi anayang'ana pawindo la ofesi. Mwana wawo anali ataima pakauntala, msana uli chilili, akufotokoza kanthu, ndipo mlembi wadazi uja anali atavula magalasi, akumvetsera.

"Ali bwino," anatero. "Ine ndi amene ndikuganiza zokamuuza wometa uja."