Chala cha Pakona pa Nyuzipepala

M'tauni ya Melo muno palibe amene sankawadziwa mawu a Don Heber Larrosa. Munthu ameneyu anakalambira pa okushoni ya ng'ombe, ndipo akakwera pansanja, kahamala kali m'manja, n'kuyamba kuitanira mitengo, anthu a kutsidya kwa msewu ankasiya zochita n'kumamvetsera. Ndiye taganizani nyumba ya munthu wotereyu ili zii, moti mkazi wake Nibia n'kumamva firiji ikulira kukhitchini.

Sitiroko inamugwera ali pakhonde, chikho cha yerba, tiyi wathu wowawa uja, chili m'manja. Anatuluka m'chipatala mkono wamanja uli lende, mwendo akuchita kuukoka, pakamwa patakhota pang'ono. Kuyenda anayambanso, ndi ndodo. Kudya ankadya. Koma kuyankhula ayi. Anayesapo kamodzi, anzake a ku okushoni atabwera kudzamuzonda. Ankafuna kufunsa mtengo wa nkhosa, koma mawu anatuluka opotoka, malovu n'kudonthera pamalaya. Anzake aja anayang'ana pansi, wina n'kuyamba kukamba za mvula. Kuchokera tsiku limenelo Heber anatseka pakamwa, osatsegulanso.

Yanina, mayi wa ku chipatala wophunzitsa odwala kuyankhulanso, anamukokera Nibia pambali tsiku lina akutuluka pageti.

"Doña Nibia, ndisakubisireni. Mawu alimo mwa bambowa, akungochita manyazi. Koma lilime likakhalitsa osagwira ntchito limauma, ndipo likauma ine ndilibenso chochita. Muziwawerengera zimene amakonda, mwina angatsegule pakamwa."

Zimene amakonda! Nibia anatsala pang'ono kuseka. Chimene Heber ankakonda pansi pano chinali chimodzi basi: nkhondo zakale za Oyera ndi Ofiira, zipani ziwiri zija zimene zinkalasana ndi mikondo zaka za m'ma 1800, awa atamanga nsalu yoyera pachipewa, awo yofiira. Ana a masiku ano alibe nazo ntchito, koma a Larrosa ndi Oyera mpaka m'mafupa, pamene Nibia, mwana wa a Techera, anabadwa Wofiira. Pa ukwati wawo bambo a mkwati ndi bambo a mkwatibwi sanapatsane n'komwe moni. Ndipo moyo wawo wonse wa m'banja, awiriwa anakangana nkhani imodzimodzi, ya powolokera mtsinje wa Tacuarí, pomwe a Eleuterio, agogo a bambo ake a Heber, anakumana ndi asilikali a boma la Ofiira. Nibia ankati Oyera anathawa. Heber ankati sanathawe, anangobwerera m'mbuyo chifukwa mtsinje unadzaza. Ankakangana powotcha nyama Lamulungu, ankakangana pobwerera kumaliro, anakangana ngakhale tsiku lobatiza mwana wawo Silvana. Dzina la mkazi wake Heber sankalitchula. Ankangoti, "Wofiira iwe."

Silvana, yemwe amakhala ku likulu ku Montevideo, atamva malangizo a Yanina anaimba foni.

"Amayi, tabuleti ija, kakompyuta kam'manja kaja boma linagawira okalamba, ilipo?"

"Ili mudilowa, pamodzi ndi makandulo. Ndichita nayo chiyani ine?"

"Itulutseni. Ndakutumizirani adiresi ya pa intaneti, mungodinapo. Pali anthu anajambula nyuzipepala zakale tsamba ndi tsamba, mpaka za nthawi ya agogo Eleuterio. N'zaulere."

"Zaulere? Pali chimene akufuna amenewo."

"Palibe, amayi. Dinani basi, sizikulumani."

Anadina, ndipo anagwira pakamwa. Nibia anaphunzitsa ana a pulayimale mpaka kupuma, ndipo ankadziwa kuti mapepala oterewa amakhala ku likulu, m'zipinda zokiya, komwe mayi wa ku Melo wosamalira wodwala sangakapondeko. Lero ali pathebulo pake, pambali pa mbale ya buledi! Masamba achikasu, obooledwa ndi njenjete. Uyu bulu wake wasowa, uyu akutsatsa mankhwala a njoka za m'mimba, sitima yafika ndi mchere, nkhondo yafika pakuti. Atakulitsa zilembo ndi zala monga anamuuzira Silvana, anaona kanthu kena. Pakona pa masamba ena pankaoneka chala chachikulu cha munthu, chopanikiza pepala kuti lisapindike pojambula. Chikhadabo chowengedwa bwino, kachipsera pambali. Nibia anachiyang'anitsitsa chala chija. Kani pali munthu anaima tsiku lonse m'fumbi, akutembenuza mapepala onunkha nkhungu, kuchitira anthu amene sadzawaona n'komwe.

Koma apa Nibia analakwitsa, ndipo tinene poyera, tonse oyandikana nawo tinalakwitsa naye limodzi. Chidwalireni Heber, aliyense ankangomuvomereza. Akaloza kumwamba, ife timvekere, "Eya, Don Heber, ibwera mvula," dzuwa lili phwee. Nibia ndiye anachita kunyanya. Mpango wofiira wa malemu bambo ake, umene unakhala pakhoma pabalaza zaka zonsezi ukumutsokomoletsa Heber, anautsitsa n'kuubisa m'sutikesi. Ndiye pofuna chomuwerengera, anasakasaka mpaka anapeza nyuzipepala ya Oyera.

Madzulo aliwonse dzuwa likapendeka ankakhala pambali pake n'kumuwerengera za kulimba mtima kwa Oyera, za mahatchi awo, za mikondo yawo yopangidwa ndi lumo lometera nkhosa. Atafika pa nkhani ya pa Tacuarí, anafewetsa mawu ngati akunyengerera mwana kumwa mankhwala.

"Wamva, mdala wanga? Akuti mvula inagwa sabata yonse. Unkanena zoona iwe. Mtsinje unadzaza, sanathawe ayi. Ine ndinkangolimbikira mtunda wopanda madzi."

Heber anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kukhoma. Nibia atamupatsira chikho cha yerba, anachikankha ndi dzanja lake labwino lija. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Nibia ankangoti mwina watopa, n'kumufunditsa bulangete m'miyendo.

"Sabata ino sanayese n'komwe," anatero Yanina, akulongedza makadi ake a zithunzi. "Kale ankagwedeza milomo. Pano angondiyang'ana. Ndikuopa, Doña Nibia."

Nibia naye ankaopa. Ankaopa kuti afa asanamvenso mawu aja, ndipo kukhitchini ankatsegula mpopi kuti Heber asamve akulira.

Tsiku lina atadya nkhomaliro, Heber anali pampando wake pafupi ndi zenera loyang'ana kumtengo wa mandimu, maso ali tsinzinu. Nibia anati wagona. Anatenga tabuleti mwakachetechete, ndipo mtima wa Wofiira suchedwa kudziulula: anayamba kufufuza nyuzipepala ya anthu a kwawo. Ankangofuna kuona pang'ono, mobisa, mmene munthu wodwala shuga amanyambitira supuni ya jamu. Anaipeza, chala chija chili pakona pake monga mwa masiku onse, ndipo nkhani ya pa Tacuarí inalimo. Wolembayo analinso ndi pakamwa! Anati Oyera anathawa kusiya nyama ikupsa pamoto, ndipo asilikali a boma akuthokoza kwambiri chifukwa cha nkhomaliroyo, kungoti mchere unachepa.

"Ha!" Chiseko chinamupulumuka Nibia. "Mchere unachepa!"

Go! Go! Go! Ndodo inagunda pansi.

Heber sanagone. Maso anali psuu, dzanja lamanzere litafinya ndodo, ndipo mtsempha wa pakhosi uja, umene unkatupa akakhala pansanja ya okushoni, unali utaima. Nibia anachita mantha. Mawu akuti "pepa, mdala" anafika pamlomo penipeni. Koma asanawatulutse anayang'ananso nkhope ija, ndipo china chake chinamugunda pamtima. Chichokereni kuchipatala, aka kanali koyamba kuona mwamuna wake m'maso amenewa. Anthu amene sitimawatsutsa ndi amene tawataya kale, amene tikungodikira tsiku lawo. Heber anazimva zimenezo tsiku lija mkazi wake anamuvomereza za mtsinje. Nibia ankati akumusamalira, kani ankamuika m'manda ali moyo. Anachita manyazi Nibia, ndiponso anapsa mtima, podzipsera yekha.

Anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana naye. Anavala bwino magalasi, n'kutulutsa mawu ake akale a m'kalasi.

"Wadzuka eti? Ndiye tamvera izi, mdala iwe. Sindinalembe ine, analemba munthu wa nthawi yomweyo. Akuti anasiya nyama pamoto. Akuti anasiya zipewa, nsalu zoyera zili pomwepo. Wina anasiya jombo imodzi m'matope. Jombo imeneyo ndikuiona ine, inali ya agogo ako a Eleuterio. Mapazi a kwanu ndimawadziwa, ngaliwiro."

Milomo ya Heber inayamba kunjenjemera. Kunatuluka kaphokoso kosamveka, malovu n'kutsetsereka pachibwano. Dzanja la Nibia linathamangira kansalu kopukutira mwachizolowezi, koma analibweza n'kulikhalira. Mawu amene Heber ankavutika nawowo Nibia ankawadziwa bwino, anawamva kambirimbiri m'nyumba imeneyi. Kumuthandiza kunali kosavuta. Mtima unkamuwawa ngati akuukanda, koma anaumitsa nkhope.

"Ukuti bwanji? Ine sindikumva kanthu. Zija ndinanena za mtsinje ndabweza, ndinkangokumvera chisoni. Madzi ake ati? Mwina anafika m'mawondo mwa nkhuku."

Go! Go! Ndodo ija. Heber anatsegula pakamwa, n'kutsekanso, n'kuyang'ana kumbali. Manyazi aja anali kubwerera, ndipo Nibia anaona kuti akamulekerera apa ndiye basi, wapita. Anatola supuni pathebulo n'kuikweza m'mwamba, mmene mwamuna wake ankakwezera kahamala.

"Chabwino. Poti palibe wotsutsa, nkhani ya pa Tacuarí ikupita kwa Ofiira. Oyera anathawa! Palibe wowonjezera? Ikupita kamodzi!"

Heber anapuma mwamphamvu.

"Ikupita kawiri! Yang'anitsitsani, abale, siibweranso imeneyi! Ikupita ka..."

"BODZA!"

Linatuluka lokhota, lolemera, la mbali imodzi ya pakamwa, koma linali la Don Heber Larrosa, ndipo galu wa kuseri kwa mpanda anayamba kuuwa. Supuni inatsala m'malere. Nibia ankafuna kumugwera m'khosi, kumupsompsona pachipumi, kuitana msewu wonse. Anadzigwira.

"Bodza lake liti?" anafunsa.

"Mtsi... mtsinje." Thukuta linali kamukamu pamphumi. Nibia anadikira, osamuthandiza ngakhale pang'ono. "Una... unadza... dzaza."

"Umboni uli kuti?"

Heber analoza tabuleti ndi ndodo. "Ya... yathu."

"Nyuzipepala yanu ija? Ya anthu othawa? Chabwino, tiitsegule, tione ngati mvula yake inali yoti n'kumiza hatchi."

Anakangana mpaka dzuwa linachoka pamtengo wa mandimu. Nibia ankawerenga ndime ya Ofiira, kenako ndime ya Oyera, ndipo mapepala awiriwo ankatsutsana ndendende mmene ankatsutsirana eni nyumba. Nkhani ya pa Tacuarí sinathe, ndipo siidzatha. Heber mawu ambiri ankamukanika. Ena ankathera panjira, ena ankatuluka chammbuyo. Malovu ankadzipukuta yekha ndi mkono wa malaya, osachitanso nazo manyazi, poti munthu amene ali pa mkangano alibe nthawi yoganiza za malaya. Pamene Nibia ananena kuti a Eleuterio mwina sankadziwa n'komwe kusambira, mdala uja anatulutsa mawu ena amene sitingawalembe pano, ndipo anatuluka osaphonya chilembo.

Madzi a m'fulasiki atazizira, Nibia ananyamuka kuti akatenthetse ena. Tabuleti anapita nayo. Atafika kukhitchini anatsamira sinki n'kulira, ulendo uno osatsegula mpopi. Atapukuta magalasi anaona kuti tsamba lija likadali lotsegula, ndipo pakona pake chala chija chili pomwepo, ndi kachipsera kake. Mwini wake sankamudziwa. Kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi, kaya Woyera kaya Wofiira, kaya ndi ana a masiku ano opanda chipani. Mwina tsiku limenelo msana unkamupweteka, n'kumadzifunsa kuti zinyalala zimenezi adzawerenge ndani. Nibia anagunditsa chala chake chachikulu pa chala chija, pang'onopang'ono kuti tsamba lisasunthe.

"Zikomo, mwana wa eni," ananong'ona. "Tawerenga ife. Mulungu akudalitsire manja akowo."

Ketulo isanawire analowa kuchipinda, n'kusolola sutikesi kunsi kwa bedi. Mpango wa bambo ake unali utakwinyika, ukununkha mankhwala a njenjete. Anaukung'untha, n'kudutsa nawo pabalaza mosabisa, n'kuukoleka pa msomali wake wakale, moyang'anizana ndi mpando wa Heber. Kenako anabwerera kukhitchini osatembenuka.

Ndodo inagunda pansi. Kunadutsa kanthawi, kanthawi katali, ndipo Nibia anaima chilili, ketulo ili m'manja, akumvetsera munthu akulimbana ndi lilime lake kuseri kwa khoma.

"Wo... Wofiira iwe!"

"Ndikubwera, wothawa iwe," anayankha Nibia, misozi ikugwera pafulasiki. "Usathawe, sindinathane nawe."