Katoni ya Pansi pa Tebulo

Makristalo a zinki, timiyala towala tomera m'kabotolo ka mankhwala, ali ngati nkhuku yofungatira mazira, safuna kusuzumiridwa. Umasungunula mchere wa zinki, kuusakaniza ndi mankhwala olumikiza, kutseka kabotolo ndi pulasitiki wobowola ndi singano, basi n'kukasiya milungu itatu. Mayi a Zinki, monga ankawatchulira m'labu, ankazidziwa zimenezi. Amene sankazidziwa ndi a Pulofesa, omwe analemba mabuku awiri pa nkhani yomweyi.

M'mawa uliwonse a Pulofesa ankalowa, kunyamula kabotolo, kukayang'ana pazenera, n'kukakhutchumula.

"Sizinamere?"

"Ufa wokhawokha, bwana."

"Mulibe kudekha, mayi. Sayansi imafuna kudekha." Khutchu khutchu.

Chinali chaka chachisanu mayiwo akusaka digiri ya udokotala, ndipo kalata inali itabwera: akapanda kuika kristalo yabwino pa makina a ekisire mwezi usanathe, sukulu yathera pomwepo. Kunyumba apongozi anali atayamba kufunsa kuti ndi sukulu yanji imeneyi yomeretsa imvi.

Tsono Lolemba lina mayiwo anathira madzi amchere wa kukhitchini m'timabotolo sikisi, n'kutindandalika pashelefu kuti bwana azisewera nato. Tenitenito anatiika m'katoni pansi pa tebulo, pamwamba n'kulemba zikuluzikulu: MAYESO OSACHONGA, A PULOFESA.

Katoniyo inapeza mtendere umene sunaonekepo m'labumo. A Pulofesa ankailambalala ngati muli mphiri. Tsiku lina cholembera chawo chitagwera pafupi nayo, anangochisiya n'kubwereka china.

Milungu itatu itakwana, mayiwo anatsegula. Pansi pa kabotolo kachitatu panali kakristalo kowala mbee, kochepa ngati njere ya shuga. Makina atakaunika, pakompyuta panatuluka chithunzi: zinki apa, zinki apo, zogwirana manja, pakati pali timabowo tandondomeko ngati chisa cha njuchi.

"Mwaona?" anatero a Pulofesa, chifuwa patsogolo. "Kuyendera tsiku ndi tsiku kumeneku! Tsono mu lipoti tilembe bwino njira yake. Zinakulira pati?"

"Malo amdima, bwana, kosafika munthu."

"Pati kwenikweni? Ndikufuna ndipaone ndi maso anga."

Mayiwo analoza ndi mlomo pansi pa tebulo. A Pulofesa anawerama, anawerenga, anatsokomola kawiri.

"Ingolembani kuti malo amdima. Owerenga safuna zambirimbiri. Fomu yanu yomalizira digiri ili kuti, ndisayine?"