Diresi la pa Tsamba Lachisanu

Mpingo wathu uli ndi kachipinda kuseri kwa ofesi ya abusa. Kwa zaka makumi anayi takhala tikubisamo amayi othawa nkhanza za amuna awo, ndipo lamulo ndi limodzi: pakamwa potseka. Mwezi uno mukugona mwana wanga, nthiti ziwiri zothyoka.

Ndiye alembi a mpingo, anthu ophunzira, anasindikiza kabuku ka mbiri yathu. Za kachipindako sanalembe, zoona. Koma pa tsamba lachisanu anaikapo chithunzi cha kwaya, ndipo kumbuyo kwake, pachingwe, payanikidwa diresi lachikasu.

Lamulungu ndikugawa timabukuto pakhomo, anatulukira mkamwini wanga, munthu woti sanapondemo m'tchalitchi chikwatirire. Anandipatsa moni ndi manja awiri, natenga kamodzi n'kumatsegula mosafulumira.

"Apongozi, diresi ili ndinagula ndine. Paja munati mwana wanu ali kutali?"

"Madiresi achikasu ndi ambiri, bambo. Lowani, mukutsekereza anthu."

Sanalowe. Anapinda kabukuko bwinobwino, nakaika m'thumba, n'kuyamba kuzungulira tchalitchi akuwerenga mazenera.

Ndinaponya timabukuto pabenchi. Kiyi ndinali naye ine, inde, koma kachipindako kali ndi khomo limodzi lokha.